Kabuku Konunkha Utsi

Inu amene mumakonda nkhani za anthu oyamba opanda nsapato n'kudzatha ali ndi kampani, khalani pansi, nayi ina. Koma ndikuchenjezerenitu. Ine zimandinyansa nkhani zimene zimaonetsa mpunga woyera m'lichero n'kubisa mankhusu kuseri kwa nyumba. Bizweki kampani anaipeza ndithu, koma anataya Malita, mkazi amene anayamba naye zonse. Ndikuuzani mbali zonse ziwiri.

M'chaka cha 1992, chaka cha chilala chija, Bizweki anali munthu wosekedwa m'dera la Mwambo, kugombe la kuzambwe kwa nyanja ya Chilwa. Mayeso a Folomu 4 anali atamukana kawiri. Makolo ake onse anali atamwalira, ndipo kwawo kunalibe ngakhale kamunda koti n'kuloza ndi chala. Atakwatira Malita anakakhala kwa mkaziyo pachikamwini, katundu wake ali bulangete, njinga yakutha matayala ndi Chingelezi.

Chingelezi sichidyedwa. Choncho m'mamawa uliwonse ankatsikira kudoko la Kachulu, kupikula matemba, kuwamangirira m'dengu, n'kupalasa mtunda wonse uja mpaka ku Zomba. Anzake a njinga anamupatsa dzina loti Hedimasitala wa Matemba. Iye ankaseka nawo, koma akafika kunyumba chakudya sichinkatsika. Masiku ena ankangokhala kuseri kwa nkhokwe, osayankhula ndi munthu, akudzifunsa chimene anapitira kusukulu.

Amene sanamusekepo ndi Malita. Iyeyu sanapondepo m'kalasi. Anakulira m'matope a sikimu ya Likangala, kuwokera mpunga ndi mayi ake pa puloti ya m'sikimumo imene banja lawo linkalima. Sanali wolankhulalankhula. Mwamuna wake akakhala kuseri kwa nkhokwe kuja, iye ankangomuikira madzi osamba, n'kumukumbutsa kuti tayala lakutsogolo likufuna mpweya, mawa asaiwale.

Mwa makasitomala a Bizweki ku Zomba munali mayi Virginia, amene ankatayipira anthu makalata pa kaofesi kena pafupi ndi msika. Tsiku lina anamuuza kuti alowetse nsomba mkati. Ndi pamene Bizweki anaona kompyuta koyamba: mawu akutuluka pagalasi popanda pepala, olakwika akufufutika popanda labala, ndime yathunthu ikunyamuka pamwamba n'kukakhala pansi. Anaima kukamwa kuli yasa, dengu lili m'manja, mpaka mayi Virginia anamuuza kuti fungo la matemba liwathamangitsira anthu.

Sanachoke asanapemphe kuti amuphunzitse. Anagwirizana kuti azibwera nthawi ya nkhomaliro, abwana akapita kukadya, ndipo malipiro ake akhale nsomba zonona za makumba. Poyamba zala zozolowera chingwe cha dengu zinkadinda zilembo zingapo nthawi imodzi, mayi Virginia n'kumagwira mutu. Koma mwezi ndi mwezi zalazo zinayamba kumva.

Mu 1994 sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ndipo ana anakhamukirako ngati ngumbi mvula ikagwa. Kugombe kuja makalasi ambiri anali pansi pa mitengo, buku limodzi likuzungulira gulu lonse mpaka kuthothoka masamba. Bizweki ankadutsa pa masukulu amenewa tsiku lililonse, akuona ana akulemba pansi ndi chala. Maganizo anamugwera ali panjinga.

Nthawi imeneyo anthu ankadziwa kuti buku limachokera ku fakitale yaikulu ku Blantyre kapena kunja kwa dziko. Iye anaona kuti kompyuta, pulinta, makina a fotokope ndi sitepula zikhoza kutulutsa kabuku. Ukatayipa kamodzi basi, umasindikiza mmene ukufunira, ochepa lero, ambiri mawa. Ankafuna timabuku tating'ono, totchipa, tonena za mpunga, bwato ndi mbalame za m'dambo, zinthu zimene mwana wa ku Chilwa amaziona. Lero mukhoza kuona ngati n'zapafupi, koma masiku amenewo aliyense amene anamva nkhaniyi ankamufunsa ngati dzuwa la pamsewu wa Kachulu silinamulowe m'mutu.

Malita za makina sanazimve, koma za ana opanda mabuku anazimva. Anatapa mpunga wa m'nkhokwe, wodya, n'kukagulitsa kuti mwamuna wake agule mapepala ndi madisiki. Madisiki anali tizinthu takuda tapulasitiki, tokwana m'thumba la malaya, tosungiramo zimene munthu watayipa. Popanda iwo ntchito sikanatheka, chifukwa abwana a pa ofesi paja sankalola kuti zolemba za munthu wakunja zigone m'kompyuta yawo.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, awiriwa ankakhala pakhonde. Bizweki ankawerenga mokweza zimene walemba papepala, Malita akusankha mpunga. Tsiku lina anawerenga chiganizo chachitali chonena za mayi amene akukonza chakudya cha banja lake mwaukhondo. Malita anaseka mpaka kuika lichero pansi, n'kufunsa ngati anamuonapo mwana wolankhula ngati wailesi.

"Lembani chonchi," anatero. "Amayi akupeta mpunga. Nkhuku zabwera. Tambala waba mpunga."

Bizweki analemba. Kuyambira tsiku limenelo chiganizo chilichonse chinkadutsa kaye m'khutu la Malita chisanapite ku Zomba. Iye akati mwana sanena choncho, chinkafufutidwa. Inali miyezi yokoma, ndipo Bizweki mwiniwake amanena kuti sanadzakhalenso ndi yofanana nayo.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene Malita anapempha. Ankafuna kuti mwamuna wake amuphunzitse zilembo, kuti tambala wake uja adzamuwerenge yekha. Anapempha kangapo, mwaulemu, monga mmene ankachitira zonse. Yankho linali limodzi nthawi zonse.

"Buku likatha."

Taonani munthuyu. Ankafuna kuphunzitsa ana a gombe lonse kuwerenga, koma nthawi ya munthu mmodzi wa m'nyumba mwake inkasowa.

Mayi Virginia anamulangiza bwino za madisiki. Anamuuza kuti amaopa kutentha, fumbi ndi madzi, ndipo kuti ntchito iliyonse azisunga pawiri. Bizweki anamvera, anasungadi pawiri, kenako madisiki onsewo n'kuwaika m'jumbo imodzi. Mapepala aja ankalembapo pamanja, akangotha kuwatayipa, ankakulungira matemba. Ankati kompyuta siiwala.

Kumayambiriro kwa 1995 kabuku kanatha. Mkulu wina wa bungwe lina lothandiza masukulu anali ataona masamba ochepa, n'kumuuza kuti abwere nako kathunthu mwezi wa Meyi, ndipo kakawasangalatsa adzaitanitsa ambiri. Kunatsala kupeza ndalama ya mapepala ndi inki. Koma chaka chimenecho mvula inavuta, nyanja inayamba kuthawa gombe, ndipo nsomba zinkapezeka kutali, kupitirira chilumba cha Chisi. Opikula ankayenera kukakhala milungu ingapo pa zimbowera, timisasa tija asodzi amamanga pa bango loyandama. Madisiki sakanapita nawo pamadzi.

M'mawa wa ulendo Bizweki anamupatsa Malita jumbo ija. Malita anaimasula, n'kutembenuza disiki imodzi uku ndi uku, monga munthu amene wapatsidwa khanda la mwini.

"Kodi zimenezi zimaopa chiyani, abambo?"

Bizweki anali kalikiliki kumanga dengu panjinga, ndipo sanacheuke n'komwe.

"Sungamvetse. Ungozisunga bwino, moyo wathu uli m'menemo."

Yankho loona linali lalifupi kuposa limene anaperekali. Kutentha, fumbi, madzi. Akanatha kulinena mfundo ya chingwe isanalimbe.

Malita anaika jumboyo m'sutukesi pansi pa bedi. Patapita masiku anapeza makoswe ataboola ngodya ya sutukesiyo ndi kuyamba kale kuteketa jumbo. Woti amufunse panalibe, chifukwa m'mudzi monse munalibe amene anaionapo disiki. Ndiye anadzifunsa funso limene mayi aliyense wa kugombe kuja akanadzifunsa: chinthu chosayenera kuwonongeka timachisunga pati?

Yankho linali m'khitchini. Pamwamba pa mafuwa pali nsanja, ndipo pansanjapo ndi pamene pamakhala mpunga wa mbewu. Utsi umathamangitsa anankafumbwe, makoswe ndi chiswe. Mayi ake ankasunga mbewu pamenepo, ndipo ngakhale chaka cha chilala chija mbewu ya banja lawo sinawonongeke. Malita anakulunga madisiki m'chitenje chake cha kutchalitchi n'kuwaika pakati penipeni, pamene utsi umagunda bwino. Masiku ena ankasonkhezera dala nkhuni zaziwisi kuti utsi uchuluke.

Inu amene mukufuna kuseka, sekani, koma mudziwe kuti ine sindiseka nanu. Mkaziyu anapereka malo abwino kuposa onse amene ankawadziwa.

Bizweki atabwerako kunyanja, Malita anatsitsa phukusi lija nkhope ikuwala, n'kumuuza kuti palibe khoswe amene analiyandikira. Fungo la utsi linayamba kumufika Bizweki asanamasule. Madisiki ena anali atapindika. Anangokwera njinga ulendo wa ku Zomba, akudzilimbitsa kuti mwina imodzi yapulumuka.

Kompyuta inalandira disiki yoyamba, inabuula, n'kuikana. Yachiwiri chimodzimodzi. Mayi Virginia anayesa zonse, anaitana ngakhale wokonza makina, koma mwaye unali utalowa mpaka mkati. Pomaliza ananunkhiza imodzi n'kumuyang'ana.

"Kodi che Bizweki, munaziwamba?"

Ntchito ya miyezi yonse ija inali itapita. Mapepala ake anali atapita kale ndi matemba.

Msewu wa ku Kachulu ndi wautali moti munthu wokwiya amafika atazizira. Koma Bizweki mkwiyo wake unkapsa ndi mtunda. Anafika masana, nyengo yokolola, amayi a m'mudzimo akupuntha mpunga pabwalo. Apongozi ake aakazi anali pomwepo. Kumeneko mkamwini sakweza mawu pamene pali apongozi, ngakhale kuwayang'ana kumaso sawayang'ana. Iye anatsika njinga n'kumwaza madisiki aja pamapazi a mkazi wake.

"Ndinalakwa ine kukwatira mbuli. Banja lonse lino chimene mumadziwa n'kuwamba nsomba basi."

Ndodo zopunthira zinaima. Apongozi anafunda chitenje kumaso n'kukalowa m'nyumba. Malita anagwada, n'kuyamba kutola madisiki aja imodzi imodzi, akuwapukuta fumbi ndi chitenje chake. Bizweki analowa, anatenga bulangete lake, n'kubwerera njira ya ku Zomba. Palibe amene anamuthamangitsa, anachoka yekha.

Apa ndi pamene nkhani zolimbikitsa zimakoma, ndipo sindikumanani. Munthuyu analimbikira. Bungwe lija linapereka ntchito kwa ena. Iye analibe nyumba, analibe buku, analibe nkhope yobwerera nayo. Mayi Virginia anamupemphera kwa abwana malo ogona m'kachipinda kosungira mapepala, ndipo ankalipira malowo ndi tsache. Ankasesa, kuphika tiyi, kutumidwa ku positi, ndipo nthawi ya nkhomaliro ankakhala pakompyuta mimba ili pululu, kuyambiranso tsamba loyamba.

Potayipa kachiwiri anazindikira chinthu chimene chinamuwawa. Ziganizo zake zija zinali zitauluka m'mutu, koma za Malita zinkabwera zokha, ndi mawu ake omwe, ndi kuseka kwake komwe. Tsiku lililonse ankatayipa mawu a munthu amene anamutchula mbuli. Anadziwa pomwepo kuti analakwa, koma kudziwa ndi kupita kukapepesa ndi zinthu ziwiri.

Miyezi ingapo itadutsa kunabwera a Wilisoni, malume ake a Malita, amenenso anali nkhoswe ya banjalo. Anapalasa njinga mtunda wonse uja, munthu wamkulu, n'kumupeza akusesa. Sanamukalipire. Anamuuza kuti nkhaniyi si yaikulu, ndipo kuti Malita chimene akulira ndi madisiki amene anawononga, osati mawu aja. Chofunika n'chakuti abwere ndi nkhuku, agwade pamaso pa apongozi amene anawachititsa manyazi pagulu, zithe.

Bizweki anayang'ana tsache limene linali m'manja mwake. Kubwerera m'mudzi ali wosesa kunamulemera. Ankafuna akafike buku lili m'manja, kuti popepesapo anthu aonenso kukula kwa chinthu chimene chinawambidwa. Ankafuna kupepesa ndi kupambana nthawi imodzi. Anawauza a Wilisoni kuti abwera ndithu, buku likatha.

Kumapeto kwa chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inaphwa. Mabwato anagona chammbali pa matope ong'ambika, ndipo anthu ankapita ku Chisi wapansi. Ku sikimu madzi anachepa, m'midzi munalowa njala. Bizweki akapeza kangachepe ankagula ufa n'kupatsira anzake a njinga kuti akasiye kwa Malita. Mumtima ankati wayankhula.

A Wilisoni anabweranso, ataonda, jekete likulendewera. Anakana tiyi. Ananena kuti mlongo wawo, mayi ake a Malita, sakupeza bwino ndipo amafunsa ngati mkamwini wawo akadali moyo.

"Akamwini, ufa tikulandira, zikomo. Koma ufa sugwada."

Sabata imeneyo n'kuti kabuku kali pafupi kusindikizidwa. Bizweki anawaperekeza mpaka pamsewu, akulonjeza kuti kwangotsala pang'ono.

Kabuku kanatuluka mu 1996, dzina lake Tambala Waba Mpunga. Kanali kosaoneka bwino, inki yotuwa, mawaya a sitepula okhota. Masitolo a mabuku anakakana, ena osakatsegula n'komwe. Mulu wonse unakhala m'kachipinda kaja, iye akugona moupinga ngati mlonda. Ambiri akanasiyira pomwepa.

Koma nyanja youma ija inali itasiya njinga zambiri zili chiimire. Anzake aja amene anamupatsa dzina la Hedimasitala analibe nsomba yoti anyamule. Bizweki anawapeza pansi pa mtengo akusewera bawo, n'kuwapempha kuti m'madengu mwawo aikemo timabuku, azizungulira nato m'masukulu. Anamuseka kaye, monga mwa masiku onse, koma njala siilola munthu kuseka nthawi yaitali. Ananyamula.

Njinga zinafika kumene galimoto ya sitolo sinafikeko: ku Jali, ku Govala, ku Mayaka, ngakhale ku Chisi kodutsa pa matope ouma. Kumene kunalibe ndalama makolo ankasinthitsa ndi mazira, chinangwa kapena mbale ya mpunga. Ana anakonda tambala wakuba uja moti ankamuimba popita kwawo. Popeza timabukuto tinali tating'ono, totchipa, komanso tonunkha dengu, anthu anatitcha matemba. Bizweki sanakwiye ulendo uno. Anatenga dzinalo n'kulilemba pachitseko: Mabuku a Matemba.

Aphunzitsi anayamba kupempha ka masamu. Ena anapempha ta Chiyao ndi Chilomwe. Mavuto sanathe ayi. Makina a fotokope ankafa ntchito ili pakati, mapepala ankakwera mtengo, magetsi ankazima tsamba lisanasungidwe. Iye ankadzuka n'kuyambiranso. Mu 1997 anagula kompyuta yakeyake, yogwirapo kale ntchito, ndipo mayi Virginia anasiya kwa abwana aja n'kudzakhala mnzake pa bizinesi. Analemba ntchito otayipa, wojambula zithunzi ndi womanga mabuku.

Bizweki anakhazikitsanso lamulo. Aliyense wolowa ntchito, ngakhale wosesa, tsiku loyamba ankakhala naye pansi n'kumufotokozera chimene disiki imaopa, ndipo ankadikira mpaka munthuyo afunse mafunso ake onse. Antchito ankadabwa kuti bwanayu nkhani imeneyi amaikokeranji chonchi. Mayi Virginia okha ndi amene ankadziwa, ndipo ankangoyang'ana kumbali.

Nanga ku Mwambo? Buku likatha, linzake linkakhala litayamba kale. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu. Apongozi aja anamwalira iye ali ku Blantyre kokaona makina osindikizira, ndipo uthenga unamupeza ataikidwa kale. Manyazi anawonjezeka, ulendo n'kulemeranso kuposa kale. Kenako ankhoswe anatumiza mawu akuti adikira mokwanira, ukwati watha. Anamva, m'mawa mwake n'kubwerera pakompyuta. Madzi anabwerera m'nyanja, asodzi anabwerera, mbalame zinabwerera, iye yekha ndi amene sanabwerere.

Mu 1999 bungwe lomwe lija linaitanitsa mabuku ochuluka moti antchito anagwira mpaka zala kutupa. Tsopano anali ndi makina ake, ofesi yake, njinga yamoto ndi jekete. Tambala Waba Mpunga anali ndi chikuto chonyezimira cha mitundumitundu. Apa m'pamene Bizweki anaona kuti wakwana kukapepesa. Anagula nkhuku yaikulu, anaimanga kumbuyo kwa njinga yamoto, anaika kabuku katsopano m'chikwama, n'kulowera ku Mwambo.

Bwalo linali lomwe lija. Khitchini inali yomwe ija, utsi ukutuluka m'denga. Koma pambali panali nkhokwe yatsopano, yomangidwa ndi dzanja limene iye sankalidziwa, ndipo pakhonde panakhala bambo wina akusoka ukonde. A Wilisoni anatuluka ndi ndodo, anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumulozera mpando.

"Mwafika, alendo."

Liwu limeneli linamulasa kuposa chitonzo chilichonse. Anagwada, anapereka nkhuku, n'kunena zonse zimene anayenera kunena zaka zinayi zapitazo. A Wilisoni anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anamuuza modekha kuti mawuwo ndi abwino, koma mwini wake wa nkhukuyi ali kumanda, ndipo anamwalira akuyang'ana kunjira. Anapereka nkhukuyo kukhitchini kuti iphedwe, popeza kwabwera mlendo.

Malita anabwera ali ndi mwana kumbuyo. Anagwada chapatali n'kumupatsa moni wa ulemu wonse, wa munthu wochokera kutali. Mwamuna wake watsopanoyo anapereka moni naye, anapinda ukonde wake, n'kupita kudimba kuti anthu alankhule momasuka. Bizweki anatulutsa kabuku konyezimira kaja, n'kunena kuti wamubweretsera tambala wake.

Malita anati ali nako kale. Analowa m'khitchini, ndipo Bizweki anamumva akukwera pa mtondo kuti afikire pansanja. Anatuluka ndi kaphukusi ka chitenje. Mkati munali Tambala Waba Mpunga woyamba uja, wa mawaya okhota, masamba atafiira ndi utsi ngati mlamba wowamba. Anati anagula kwa wa njinga ndi mbale ya mpunga chaka cha njala, n'kumapita nako kusukulu ya kwacha kutchalitchi. Anatsegula tsamba loyamba, anaika chala pansi pa mawu, n'kuyamba pang'onopang'ono.

"A-ma-yi a-ku-pe-ta mpu-nga. Nkhuku zabwera. Tambala waba mpunga."

Anawerenga mpaka tsamba lomaliza osalumpha liwu. Bizweki, mwini kampani, analira pamaso pa nkhoswe ngati mwana. Anapepesa. Malita anamuuza kuti anakhululuka kalekale, ndipo kuti anadikira mpaka madzi atabwerera m'nyanja. Pamene anaona kuti ngakhale nyanja yabwera koma munthu ayi, anavomera zimene ankhoswe ananena.

Kenako Bizweki anafunsa chifukwa chimene amasungira kabukuko pa utsi. Malita anakakulunganso m'chitenje muja bwinobwino asanayankhe.

"Ndinafunsa kaye aphunzitsi ngati pepala limaopa utsi. Anandiyankha kuti limangofiira, koma chiswe sichiliyandikira."

Anagwedeza mwana kumbuyo, n'kuwonjezera.

"Inunso ndinakufunsani tsiku lija."

Sananene mokwiya. Akanakwiya bwenzi zili bwino.

Kabuku katsopano anakana mwaulemu, anati akapatse mwana amene alibe. Kake anakabwezera pansanja, pambali pa mbewu. Chakudya chitapsa, Bizweki anakhala pamphasa ndi a Wilisoni, n'kupatsidwa nthuli yabwino ya nkhuku imene anabwera nayo yekha, monga amachitira ndi mlendo wolemekezeka. Anadya chifukwa kukana kukanakhala chipongwe chachiwiri. Amanena kuti chiyambire sanadyepo chakudya chovuta kumeza ngati chimenecho.

Atabwerera ku Zomba anasintha chikuto cha kabukuko. Kuyambira chaka chimenecho pamwamba pamalembedwa mayina awiri, ndipo la Malita ndi limene limayamba. Anatumiza gawo la Malita la phindu kudzera kwa a Wilisoni, monga kuyenera. Zinali zabwino kutero, koma musanamizidwe kuti zinabweza kanthu. Madzi akatayika sawoleka. Chimene chimamutonthoza pang'ono n'chakuti dzinalo Malita analiwerenga yekha, ndipo chimene chimamuwawa n'chakuti anamuphunzitsa ndi munthu wina.

Tsono inu amene mayeso anakukanani, inu amene mukuyamba kanthu kamene anthu akukaseka, inu amene ntchito yanu yonse yapsa tsiku limodzi, osataya mtima. Bizweki anayambiranso tsamba loyamba ali ndi tsache m'manja, ndipo zinatheka. Nanunso zitheka. Koma pokwerapo muziyang'ana amene wakugwirirani makwerero. Akakufunsani funso, siyani chingwe cha dengu, cheukani, muyankheni. Ngati pali amene munamulakwira muli pa liwiro, musadikire jekete, musadikire kuti buku lithe, chifukwa mabuku satha. Gwirani nkhuku yanu lero, mupite akadakutchulani dzina la pakhomo, asanayambe kukuyalirani mphasa ya alendo.